Kamera ya pamsonkhano: yambani mwaona momwe mumakhalira

Anzanga a geni, gulu lathu la chipereganyu limakumana m'galaja ina ku Johannesburg kumapeto kwa mwezi. Amene apita kumudzi ndi katundu amalowa pa Zoom. Tsiku lina tikuwerengera ndalama, laputopu inkangoonetsa anthu atatu, ndipo mayi wina ali ku Blantyre anakwiya: "Akunena kuti sindinaperekeyo ndani? Ndimuone nkhope!" Gulu linatsala pang'ono kutha. Nkhani ya ndalama, anthu amafuna kuonana.

Apa m'pamene tinayamba kufufuza makamera oona chipinda chonse. Ya madigiri 360, monga Meeting Owl, imakhala pakati pa tebulo, imaona onse ozungulira n'kumakulitsa nkhope ya amene akulankhula. Ya madigiri 180, monga Jabra PanaCast, imakhala chakukhoma. Ngati mumakhala m'mizere ngati kutchalitchi, ya 360 n'kungotaya ndalama, theka la chithunzi lidzakhala khoma.

Ogulitsa asakukopeni ndi 4K. Munthu wa kabandulo kumudzi saiona imeneyo, netiweki ikangofooka chithunzi chimachita mbuu. Chachikulu ndi mawu. Muyese musanalipire: wina akhale kumapeto kwa chipinda, alankhule motsitsa, mumve ngati zikumveka.

Funsaninso za magetsi. Zina zimadya moto wa laputopu kudzera pa USB, zina zimafuna pulagi yakeyake, ndiye magetsi akathima msonkhano wathera pomwepo.

Ife tinasonkherana n'kugula ya 360, poti timakhala mozungulira. Amsungichuma timawakhazika pafupi nayo, ndi buku lawo lotsegula.