Okanidwa chitetezo ku Britain: zomwe a Quaker amawachitira ndi malire omwe lamulo lidaika

Munthu amene wapempha chitetezo m'dziko la Britain n'kukanidwa, kenaka n'kugonjanso pa apilo, amatsala ndi masiku 21 okha ngati alibe ana. Masikuwo akatha, ndalama ya chakudya yomwe boma limampatsa imaima, ndipo amauzidwa kuti atuluke m'nyumba yomwe adamuikamo. Saloledwa kugwira ntchito, ndipo ku England eni nyumba amaletsedwa kumuchititsa lendi. Boma limayembekezera kuti abwerera kwawo, ndipo limalonjeza mpaka £3,000 kwa ena ovomera kubwerera mwa kufuna kwawo. Koma si onse amene amabwerera. Ena amaopabe zomwe adathawa, pomwe ena alibe ziphaso ndipo akazembe a maiko awo amakana kuwazindikira.

Pakati pa magulu omwe amayandikira anthu oterewa pali mpingo waung'ono wa Religious Society of Friends, womwe anthu adauzolowera ndi dzina loti Quakers.

Mpingowu udayamba ku England cha m'ma 1650 motsogozedwa ndi George Fox. A Quaker a ku Britain alibe abusa. Amasonkhana n'kukhala chete, ndipo amalankhula yekhayo amene wamva mumtima kuti ali ndi mawu. Izi zingadabwitse amene adaona a Quaker a ku Kenya, komwe kuli ambiri kuposa dziko lina lililonse, poti kumeneko kuli abusa, nyimbo ndi ulaliki. Koma onsewo amagwirizana pa chikhulupiriro chakuti Mulungu adaika kuwala kwake mwa munthu aliyense, kaya ali ndi mapepala kaya alibe.

Ndende amaidziwa kuchokera m'mbiri yawo. M'zaka zoyambirira, zikwi za a Quaker zidamangidwa chifukwa chokana kulumbira ndi kupembedza m'tchalitchi cha boma, mpaka mu 1675 adakhazikitsa komiti yotchedwa Meeting for Sufferings yoti izitsata masautso a omangidwawo ndi kuwadandaulira kwa akuluakulu. M'zaka za 1938 ndi 1939 adali m'gulu la omwe adathandiza kubweretsa ku Britain ana pafupifupi 10,000, ambiri mwa iwo Achiyuda, kuwapulumutsa ku ulamuliro wa Hitler, ndipo mu 1947 mabungwe awo a ku Britain ndi ku America adalandira mphoto ya mtendere ya Nobel. Komiti yakale ija ndi yomwe mu 2017 idavomereza chikalata chotchedwa Sanctuary Everywhere, chonena poyera kuti mpingowu ukutsutsa malamulo ochititsa dala kuti moyo wa alendo ukhale wowawa. Mipingo ya m'madera yomwe idalonjeza kuchitapo kanthu idayamba kutchedwa Sanctuary Meetings.

Khomo lomwe limatsala

Kukanidwa si kutha kwa mlandu nthawi zonse. Ndime 353 ya malamulo a zolowa ndi kutuluka m'dzikolo imalola munthu kupereka pempho latsopano, lomwe maloya amalitcha fresh claim. Unduna wa Home Office umayang'ana zinthu ziwiri: ngati umboniwo sudaunikidwepo kale, komanso ngati, pouphatikiza ndi wakale, pali mwayi weniweni woti woweruza angaugwirizane nawo. Kubwereza nkhani yomwe woweruza adaikana kale sikuthandiza. Chofunika ndi chinthu chatsopano: lipoti la dokotala lotsimikiza zipsera za kuzunzidwa, chikalata cha khoti cha kumudzi chomwe chidafika mochedwa, kapena kusintha kwa zinthu m'dziko lomwe munthu adachokera.

Anthu a ku Zimbabwe amene adafika ku Britain m'zaka za m'ma 2000 amaidziwa bwino njirayi. Ambiri adakanidwa, koma kwa zaka zingapo boma silimawabweza mokakamiza, kotero adangokhala pakatikati, osaloledwa kukhala, osathamangitsidwanso. Mu November 2008, chisankho cha ziwawa cha chaka chimenecho chitapita, bwalo loona za othawa kwawo lidagamula pa mlandu wotchedwa RN kuti munthu wolephera kuonetsa kuti ndi wokhulupirika ku chipani cha ZANU-PF angakhale pangozi akabwezedwa. Chigamulocho chidatsegulira anthu ambiri okanidwa mwayi wopemphanso. Zidachitikanso chimodzimodzi mu 2010 pamene bwalo lalikulu la Supreme Court lidagamula kuti amuna kapena akazi okondana okhaokha asabwezedwe kwawo pongoganiza kuti akabisala khalidwe lawo.

Pempho latsopano likaperekedwa, munthu angathe kupemphanso pogona ndi chakudya kudzera m'gawo 4 la lamulo la 1999 podikira yankho. Thandizolo ndi lochepa. Mu 2024 lidali £49.18 pa sabata, ndipo limabwera pa khadi yogulira zinthu m'sitolo, yosatapira ndalama.

Vuto lili pa nthawi ya pakati. Kusonkhanitsa umboni kumatenga miyezi, ndipo munthu wogona m'basi za usiku kapena pa mipando ya anzake sangasunge mapepala, sangalandire makalata, ngakhale foni yake imakhala yopanda moto loya akamamufuna. Maloya enieniwo ndi osowa. Milandu ya othawa kwawo idakali m'gulu la milandu yomwe boma limalipirira loya, koma malipirowo adakhala osakwezedwa kuyambira mu 1996 kwa zaka zoposa 25, ndipo maofesi ambiri adaisiya ntchitoyi. Kuonjezera apo, mu 2015 boma lidalamula kuti mapepala a pempho latsopano azikaperekedwa pamaso ku Liverpool. Pambuyo pake adaonjezerapo malo ena ochepa, komabe ulendowo ndi wautali kwa munthu wopanda ngakhale ya basi.

Pomwe wachifundo ayenera kuima

Apa ndi pomwe ntchito ya a Quaker imaonekera, ndipo yambiri ndi yooneka ngati yaing'ono. Ena amapereka chipinda m'nyumba zawo kwaulere, kawirikawiri kudzera m'mabungwe a mgwirizano wa NACCOM, womwe umasonkhanitsa magulu osunga alendo osowa pogona. Nyumba zawo zopemphereramo zimasanduka malo a chakudya chamasana, makalasi a Chingerezi, ndi pokumanira ndi alangizi a zamalamulo. Amasonkha ndalama za sitima, amaperekeza munthu kokasaina ku ofesi ya Home Office, komwe wina angagwidwe osayembekezera, ndipo amakhala kumbuyo m'bwalo la milandu tsiku la apilo. Ena amayendera otsekeredwa m'malo monga Brook House pafupi ndi bwalo la ndege la Gatwick, ngakhalenso kuimirira ngati mboni za belo. Gulu lawo la Quaker Asylum and Refugee Network limalumikiza ntchitozi ndi kulembera aphungu a nyumba ya malamulo. Limodzi mwa madandaulo awo akale n'lakuti Britain ilibe malire a masiku omwe mlendo angatsekeredwe, ndipo akhala akupempha kuti asamapitirire 28. Ngakhale gulu la City of Sanctuary, lomwe lidayamba ku Sheffield mu 2005, mmodzi mwa oliyambitsa adali Mquaker, Craig Barnett, pamodzi ndi mbusa wa Methodist, Inderjit Bhogal.

Koma pali mzere womwe sawoloka. Ku Britain n'kulakwira lamulo kupereka uphungu wa nkhani za alendo ngati ntchito popanda chilolezo, ngakhale uphunguwo ukhale waulere, ndipo wolakwa angakhale kundende mpaka zaka ziwiri. Ololedwa ndi maloya ovomerezeka ndi alangizi olembetsedwa ku Immigration Advice Authority, bungwe lomwe mpaka kumayambiriro kwa 2025 linkatchedwa OISC. Wodzipereka angathandize munthu kupeza loya, kusanja mapepala ndi kufika pa nthawi yake, koma sangamuuze choti alembe m'pempho lake.

Lamuloli lili ndi chifukwa chake, ndipo likukhudzanso Amalawi, anthu a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe okhala kumeneko. M'magulu a alendo simusowa wodzitcha katswiri, wolonjeza mapepala pa mtengo wa mapaundi mazanamazana. Pempho lolembedwa mosasamala limawononga umboni womwe ukadagwira ntchito, poti ukangounikidwa kamodzi sutchedwanso watsopano, ndipo chikalata chabodza chikapezeka chimadetsa mbiri yonse ya mwini wake. Mayina a alangizi ovomerezeka ali pa intaneti, pa tsamba la boma, ndipo aliyense angawafufuze kwaulere.

Otsutsa amati kusunga munthu amene makhoti adamukana n'kufooketsa malamulo ndi kupatsa anthu chiyembekezo chabodza. Mfundo yachiwiriyi ili ndi choonadi chake: mapempho ambiri atsopano amakanidwa, ndipo osunga alendo nthawi zina amafika pokambirana ndi mlendo wawo za ulendo wobwerera kwawo. Yankho la a Quaker n'lakuti iwo sabisa munthu. Mlendo amapitiriza kukasaina, Home Office imadziwa komwe akugona, ndipo chigamulo chimakhalabe m'manja mwa unduna ndi oweruza.