MISEU YOKOKOLOKA NDI MVULA: NDARAMA ZICOKERA KUTI?

Madzi akakokolola ulalo ku Mambwe kapena ku Chama, odwala safika ku cipatala, ndipo cimanga sicifika ku msika.

Boma silingathe kukonza miseu yonse nthawi imodzi. Liyamba ndi maulalo oduka ndi miseu ikuluikulu monga Great East Road, wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata. Nchitoyi iri m'manja mwa Road Development Agency, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2002. Ndarama zina zicokera ku msonkho wa mafuta a galimoto ndi wa pa zipata zapamseu.

Miseu yakumidzi aisamala ndi makhonsolo. Mu 2022 Boma linakweza thumba la CDF kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense. Motero fikitsani dandaulo lanu kwa akhansala mvula isanayambenso.