Makasitomala akachuluka kuposa manja: phunziro la pa mjigo

Msuweni wanga wa ku Mbulumbuzi amalima tomato. Chaka chatha anatopa ndi kudikira magalimoto m'mbali mwa msewu wa Blantyre–Zomba, ndiye anaika zithunzi za madengu ake pa Facebook pamodzi ndi nambala ya WhatsApp. Cholinga chinali choti anthu a ku Limbe aziitanitsa, azilipira pa Airtel Money kapena Mpamba, iye azitumiza katunduyo pa minibasi. Nkhawa yake inali imodzi: nanga akapanda kupezeka wogula?

Koma ogula anabwera ngati ngumbi. Pofika madzulo batire inali itatha, ena amene analipira kale akumutchula wakuba, kwinaku tomato akufewa m'dengu. Atandifotokozera, ndinamuuza kuti, "Asuweni, apa palibe tsoka. Iyi ndi fizikisi."

Taganizani za pa mjigo m'mawa. Mjigo umadzaza ndowa pa liwiro lake. Anthu akamafika mofulumira kuposa liwirolo, mzere umangotalika, kaya mukalipe chotani.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti mauthenga 60 akufika pa ola, ndipo kasitomala mmodzi akudya mphindi 5: moni, mtengo, kunenerera, kuona ngati ndalama yalowa. Ndiye kuti pa ola mukuthandiza anthu 12, otsala ndi 48. Pakatha maola 3 otsala ndi 144, ndipo womalizayo adikira maola 12. Ndani angadikire tomato maola 12?

Masamu amenewa si achilendo. Agner Krarup Erlang wa ku Denmark, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya matelefoni ya ku Copenhagen, analemba za kuchulukana kwa oimba foni mu 1909. Mfundo zake zikuthandizabe akatswiri a netiweki mpaka lero. Ngakhale a ndalama zawo amapunthwa pamenepa. Pa 1 October 2013, boma la America litatsegula HealthCare.gov yolembetsera inshuwalansi ya zaumoyo, anthu anachuluka, makompyuta anadzadza, ambiri anabwerera osalembetsa. Seva, kompyuta imene imayankha aliyense wotsegula webusaiti, nayonso ili ndi malire ngati mjigo.

Ndiye mungakonzekere bwanji? Choyamba, pezani popanikiza. Madzi a m'paipi amatsatira pamene pachepa kwambiri. Kwa msuweni wanga popanikiza sipanali pa intaneti ayi, panali pa zala zake ndi batire. Musanalengeze malonda, yezani ndi wotchi nthawi imene kasitomala mmodzi akutengerani.

Chachiwiri, fupikitsani nthawiyo. Lembani mitengo, malo otumizako ndi kalipiridwe pachithunzi pomwepo. WhatsApp Business ili ndi katalogi komanso uthenga wa moni wodzitumiza wokha. Mphindi 5 zikatsika kufika pa 2, anthu 12 aja asanduka 30.

Chachitatu, tsegulani njira ina. Mukukumbukira ma resistor olumikizidwa mu parallel? Njira zikakhala ziwiri, magetsi odutsa onse pamodzi amachuluka. Wina aziyankha mauthenga, wina azilongedza. Anthu awiri akamayankha, 30 uja akhala 60.

Chachinayi, ikani fyuzi. Fyuzi imaduka dala kuti wailesi isapse. Inunso nenani poyera kuti lero madengu alipo 20 basi, akatha tionane mawa. Osalandira ndalama ya katundu amene mulibe m'manja, chifukwa mbiri ikaipa sichedwa kufalikira.

Msuweni wanga anabweza ndalama za anthu, napepesa mmodzimmodzi. Pano amalengeza foni ili yodzadza, pawabanki ili pambali, mng'ono wake atakhala pafupi ndi kope.

Ntchito yanu nayi: mawa pa mjigo kapena pachigayo, werengani anthu amene akufika m'mphindi 10 ndi amene akuchoka atathandizidwa. Kodi mzerewo utalika kapena ufupika? Mudzandiuze m'kalasi.