Nthunzi ya ku Seghill ndi eriyo yanu

Mu 1840, pamgodi wa malasha wa Seghill, kumpoto kwa Newcastle upon Tyne, magetsi anagwira wantchito atapisa dzanja mu nthunzi yothawa m'boyila. William Armstrong, loya wa mumzindawo, anafufuza nkhaniyi. Gwero la magetsiwo linali timadontho tamadzi tokhulana ndi chitsulo.

Mvula ndi mphepo zimachitanso zomwezo pa eriyo yaitali. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti okonda wailesi yolankhulirana akhomere ndodo yakopa m'nthaka, ailumikize ndi waya wonenepa, waufupi, wosakhotakhota. Koma ayambe afunsa katswiri wa magetsi, poti ndodo yosemphana ndi mawaya a m'nyumba ndi ngozi inanso. Mabingu akayamba kugunda, chingwe cha eriyo azule basi.

Ponena za mphezi, m'galimoto chokutetezani ndi bodi yachitsulo, osati matayala ayi.