CIFUKWA CACE MATAYALA A KUMBUYO AMATHA MSANGA PA MAGALIMOTO AMPHAMVU

Eni magalimoto ambiri amadandaula kuti matayala a kumbuyo atha mano pamene a kutsogolo akali abwino, ngakhale kuti onse anagulidwa tsiku limodzi. Ena amaganiza kuti wogulitsa anawapusitsa, ena amati msewu ndiwo woipa. Koma kawiri-kawiri cifukwa cace cili m'kapangidwe ka galimoto ndiponso m'phazi la woyendetsa.

Nkhani iyi ikhudza ngakhale anthu amene alibe galimoto, pakuti vaneti imene imanyamula cimanga ca alimi, minibasi imene imapereka odwala ku cipatala, ndi lole imene imabweretsa feteleza, zonsezi zimakankhidwa ndi mawilo a kumbuyo. Tayala la kumbuyo likaphulika pa liwiro, okwera onse ali pa tsoka, mwini wace ndi alendo omwe.

MAGALIMOTO OKOKA NDI OKANKHA

Magalimoto ang'ono ali a mitundu iwiri yaikulu. Pali ena amene injini imazunguza mawilo a kutsogolo, ndipo galimoto imakokedwa monga momwe ng'ombe zimakokera ngolo. Toyota Corolla yambiri yopangidwa kuyambira caka ca 1983 ndi yotere. Pali enanso amene mphamvu ya injini imayenda m'citsulo cacitali ca pansi pa galimoto, nifika pa difu, ndipo difu imaigawira mawilo awiri a kumbuyo. Galimoto yotere imakankhidwa kucokera kumbuyo, monga munthu akankhira wilibala.

Magalimoto amene anachuka m'zaka za m'ma 1970, monga Peugeot 404, Peugeot 504 ndi Datsun 120Y, anali okankha ndi mawilo a kumbuyo. Masiku ano opanga magalimoto asunga kapangidwe aka makamaka pa magalimoto onyamula katundu ndi pa magalimoto amphamvu kwambiri, monga Ford Mustang ndi mitundu yambiri ya BMW ndi Mercedes-Benz. Pakati pa magalimoto ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan, Toyota Mark II, Mark X ndi Altezza alinso m'gulu lomweli, ngakhale kuti ena mwa iwo anapangidwa kuti azizunguza mawilo onse anai.

Amisiri amayesa mphamvu ya injini poiyerekeza ndi mphamvu ya akavalo. Corolla wamba ili ndi mphamvu ya akavalo opitirira pang'ono 100, pamene Ford Mustang GT ya 2018 ili ndi mphamvu ya akavalo 460. Mphamvu yonseyo ilibe njira yina yofikira pa msewu koma kupyolera m'matayala awiri a kumbuyo, ndipo mbali ya tayala imene imakhudza pansi ndi yaing'ono ngati cikhatho ca munthu wamkulu.

MMENE MPHIRA IMAPEREPESEKERA

Tayala la galimoto yaing'ono likazungulira kamodzi limayenda pafupi-fupi mamita 2. Ici citanthauza kuti pa kilomita imodzi limazungulira nthawi 500, ndipo pa ulendo wocokera ku Lusaka kufika ku Chipata, wa makilomita pafupi-fupi 570, limazungulira nthawi zoposa 280,000. Pa kuzungulira kulikonse mphira imakhuzika pang'ono ndi msewu, monga mpeni ukhuzika pa mwala wonolera.

Tayala longogubuduzika, lopanda injini yolizunguza, silikhuzika kwambiri. Koma tayala limene likankha galimoto limatererako pang'ono nthawi zonse pamene woyendetsa aponda mafuta, ngakhale kuti diso silingaone. Akaponda mwamphamvu, kuterera kumakula, mphira imatentha nifewa, ndipo imatsalira pa msewu. Mizere yakuda imene imaoneka pa phula pamene anyamata anyamuka mwaukali ndi mphira ya tayala, ndiye kuti ndalama zotayidwa.

Cina ncakuti galimoto ikamanyamuka, kulemera kwace kumatsamira kumbuyo. Aliyense amene anakwerapo ngolo adziwa mmene thupi limabwerera m'mbuyo ng'ombe zikadzidzimuka. Kotero matayala a kumbuyo amasenza katundu wocuruka pa nthawi yomweyo imene akukankha.

Palinso kaimidwe ka mawilo. Opanga magalimoto aliwiro amapendeketsa dala mawilo a kumbuyo, kumwamba kwace kumatsamira mkati, kuti galimoto izigwira bwino msewu pokhota. Poyenda njira yowongoka, tayala lotere limapondera kwambiri m'mphepete mwa mkati. Munthu woima pambali amaona tayala la mano abwino, osadziwa kuti mkati mwatha mpaka mawaya aonekera. Ici ndico cifukwa cace mwini galimoto ayenera kugwada ndi kusuzumira pansi, kapena kupisa dzanja ndi kufufuza mphepete ya mkati galimoto itaima ndi kuzimitsidwa.

MPHIRA YOFEWA NDI MATAYALA OSIYANA

Matayala a magalimoto amphamvu amapangidwa ndi mphira yofewa kuti igwire msewu zolimba, ndipo mphira yofewa imatha msanga. Pa matayala ambiri pali mau akuti Treadwear otsatidwa ndi nambala. Ndi muyeso wa ku America, ndipo umasonyeza kuti pa mayeso tayala la nambala 400 liyenera kukhala kawiri kuposa la nambala 200. Matayala a liwiro kawiri-kawiri amakhala ndi nambala yaing'ono. Muyeso uwu umathandiza makamaka poyerekeza matayala a kampani imodzi, pakuti kampani iliyonse imadziyesera yokha.

Magalimoto ena amphamvu ali ndi matayala otambalala kumbuyo ndi ocepa kutsogolo. Matayala otere sangasinthanitsidwe malo, kotero a kumbuyo amagwira nchito yolemetsa kuyambira tsiku loyamba mpaka kutha kwao. Kampani ya Michelin imazindikira ici, ndipo ku America imadula pakati mtunda umene imalonjeza pa matayala a kumbuyo a galimoto yotere. Mwacitsanzo, ngati lonjezo la tayala lili la makilomita 60,000, pa mawilo a kumbuyo limakhala la makilomita 30,000 cabe.

Munthu wofuna kugula galimoto yamphamvu ayenera kuwerengera zimenezi asanapereke ndalama. Mtengo wa galimoto amaulipira kamodzi, koma matayala adzawagula kawiri-kawiri, ndipo aakulu ndi otambalala ndiwo okwera mtengo. Akulu anati walira mvula walira matope. Kale ku Ndola kunali fakitale ya matayala ya Dunlop, koma inatsekedwa, ndipo matayala ogulidwa kunja mtengo wace umatsata mphamvu ya Kwacha.

VANETI, MINIBASI NDI LOLE

Kumidzi cimene cimapha matayala a kumbuyo si liwiro lokha ai, koma katundu. Tayala lililonse lili ndi nambala yosonyeza kulemera kumene lingasenze. Nambala 91 itanthauza makilogalamu 615, nambala 100 itanthauza makilogalamu 800, ndipo 106 itanthauza makilogalamu 950. Matayala awiri a nambala 106 angasenze makilogalamu 1,900, koma m'menemo muli kale kulemera kwa mbali ya kumbuyo ya galimoto.

Vaneti ya tani imodzi iyenera kunyamula matumba 20 a cimanga a makilogalamu 50. Pa nyengo ya misika si cacilendo kuona vaneti yotere itasenza matumba 30, pamwamba pace patakhala anthu ndi njinga zao. Tayala lolemedwa limaphwathalala, m'mbali mwace mumapindika pa kuzungulira kulikonse, ndipo kupindikako kumabala kutentha. M'mwezi wa Okutobala, pamene phula limaocha mapazi, ndiponso pa zitunda za pakati pa mlatho wa Luangwa ndi Nyimba, kutenthako kungalekanitse mphira ndi mawaya a mkati, tayala niphulika.

Malole amene ali ndi matayala awiri-awiri kumbuyo ali ndi bvuto lao. Ngati limodzi lili latsopano ndipo linzace lili lakutha, lalikulu limasenza katundu wocuruka pamene laling'ono limakhwekhwereka. Ngati limodzi lacepa mpweya, linzace limagwira nchito ya awiri. Miyala imene imapanikizika pakati pao m'misewu ya fumbi iyenera kucotsedwa, cifukwa imaceka m'mbali mwa matayala. Nayo thirakitala, imene mawilo ace aakulu anapangidwira dothi la m'munda, imatha mano msanga ikamayenda mitunda yaitali pa phula.

TAYALA LIMANENA LOKHA

Mmene tayala lathera zimasonyeza cimene calakwika. Likatha m'mphepete zonse ziwiri, pakati pali bwino, ndiye kuti layenda ndi mpweya wocepa. Likatha pakati pokha, mpweya unacuruka. Likatha mbali imodzi, mawilo sanaime bwino ndipo afunika kuwongoledwa ku galaji. Likatha modumphitsa-dumphitsa, malo ena okumbika, kawiri-kawiri ndiye kuti mashoko atopa ndipo wilo likudumpha pa msewu.

Tayala latsopano la galimoto yaing'ono limakhala ndi ngalande zakuya pafupi-fupi mamilimita 8. M'kati mwa ngalandezo opanga anaikamo timilatho ta mphira totalika mamilimita 1.6. Mano akatha mpaka kulingana ndi timilathoto, tayala latha nchito. M'maiko a ku Ulaya malamulo amaletsa kuyendetsa galimoto yaing'ono ya mano ocepera mamilimita 1.6, muyeso umene sufika ngakhale pa kunenepa kwa kamtengo ka macesi. M'Zambia bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la za pamsewu la 2002, ndilo limayesa magalimoto ngati ali oyenera kuyenda, ndipo matayala ali pakati pa zinthu zimene limaona.

Ngalande za tayala nchito yace ndi kucotsa madzi. M'nyengo ya dzinja, tayala losalala limayandama pamwamba pa madzi m'malo mogwira phula. Ngati ndi la kutsogolo, galimoto imakana kukhota. Ngati ndi la kumbuyo, matako a galimoto amapatuka, galimoto nitembenuka kuyang'ana kumene yacokera, ndipo ngakhale woyendetsa wozolowera amalephera kuibweza. Pa galimoto yamphamvu ici cingacitike pongoponda mafuta pa ngodya yonyowa.

ZOYENERA KUCITA

Coyamba ndi mpweya. Uyenera kupimidwa kamodzi pa mwezi ndiponso ulendo wautali usanayambe, matayala akali ozizira. Muyeso woyenera unalembedwa pa kapepala kamene kamapezeka pa mphuthu ya citseko ca woyendetsa kapena m'buku la galimoto, ndipo nthawi zambiri pamakhala muyeso wina wokwera wa galimoto yodzaza katundu. Kumenya tayala ndi phazi si kupima ai.

Caciwiri ndi kusinthanitsa matayala. Ngati onse anai ali a msinkhu umodzi, ayenera kusinthidwa malo pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 alionse. Pa galimoto yokankha ndi kumbuyo, matayala a kumbuyo amapita kutsogolo mbali yao yomweyo, ndipo a kutsogolo amapita kumbuyo mopingasa, la kumanja kupita kumanzere. Matayala amene ali ndi mubvi m'mbali mwao sayenera kupingasidwa, cifukwa anapangidwa kuti azizungulira njira imodzi.

Cacitatu ndi kayendetsedwe. Kunyamuka pang'ono-pang'ono, kucepetsa liwiro ngodya isanafike, ndi kupewa maenje kumatalikitsa moyo wa matayala popanda kulipira ngwee. Kuthamanga si kufika.

Cacinai, ngati ndalama zikwanira matayala awiri okha, makampani opanga matayala amalangiza kuti atsopanowo aikidwe kumbuyo, ndipo akhale a mtundu umodzi ndi msinkhu umodzi.

MATAYALA OGWIRAPO KALE NCHITO

Anthu ambiri amagula matayala akale cifukwa ca kucipa. Wogula ayenera kudziwa kuti mphira imakalamba ngakhale mano akali ambiri. M'mbali mwa tayala, pa mapeto a mzere woyamba ndi malembo a DOT, pali manambala anai. Kuyambira caka ca 2000, awiri oyamba amasonyeza sabata ndipo awiri otsiriza amasonyeza caka cimene tayala linapangidwa. Mwacitsanzo, 2319 itanthauza sabata ya 23 ya caka ca 2019. Michelin imalangiza kuti tayala likapitirira zaka 5 lizionedwa ndi mmisiri caka ciliconse, ndipo likakwana zaka 10 licotsedwe ngakhale lioneke labwino. Tayala la ming'alu, lotupa m'mbali, kapena lokhala ndi cigamba m'mbali siliyenera kugulidwa. Wosatha kuwerenga manambalawa afunse amene adziwa, pakuti safunsa anadya phula.

Pali ena amene amasema ngalande zatsopano pa tayala losalala kuti lioneke ngati labwino. Pa matayala a magalimoto ang'ono mcitidwe uwu ndi woopsya, cifukwa mphira yotsala ndi yopyapyala ndipo mpeni umafika pa mawaya. Matayala ena a malole okha ndiwo anapangidwa ndi mphira yoonjezera yolola kusemedwa, ndipo amakhala atalembedwa m'mbali.

Tayala limene latha nchito pa msewu likhoza kuthandizabe pamudzi. Amisiri amasokamo nsapato, ena amapangira zomwera nkhuku, ndipo machubu akale amadulidwa malegeni omangira katundu pa njinga. Koma lisasiyidwe pabwalo kuti lisunge madzi a mvula, cifukwa udzudzu umaswana m'menemo. Nawonso apaulendo ali ndi ufulu woyang'ana mawilo a kumbuyo asanakwere, ndipo akaona tayala losalala kapena loonekera mawaya, ncanzeru kudikira galimoto yina.