Maliro n'kulirana: sewero la ku America litifunsa funso kuno ku Lifidzi

Kodi munthu angadye, kuvala ndi kuphunzitsa ana ake ndi ndalama za maliro? Kuno ku Lifidzi funsoli limveka ngati mwano, koma ku America anthu anakhala zaka zisanu akuonerera pa wailesi ya kanema banja lomwe ntchito yake inali yomweyo.

Sewerolo ndi Six Feet Under, kutanthauza kuya kwa manda, mapazi 6 pansi pa nthaka. Analemba ndi Alan Ball, ndipo kanema ya HBO inalionetsa kuyambira 2001 mpaka 2005, m'zigawo 63. Likamba za banja la a Fisher la mumzinda wa Los Angeles, lomwe limagona m'chipinda cham'mwamba pamene mitembo ikukonzedwa m'chipinda chapansi.

M'chigawo choyamba bambo wa banjalo, a Nathaniel, amwalira basi itaomba galimoto yawo yonyamula maliro. Ntchito itsala m'manja mwa ana aamuna awiri. David aidziwa bwino koma sasangalala nayo. Nate anaithawa kalekale, ndipo abwerako mokakamizika. Posakhalitsa kampani yaikulu ya Kroehner ifuna kuwagula kapena kuwagwetsa, poti kwa iyo wakufa ndi malonda basi.

Pafupifupi chigawo chilichonse chimayamba ndi imfa ya munthu wina. Ofedwa amafika, kusankha bokosi, kumva mtengo, n'kusiya zonse m'manja mwa alendo. Mtembo authira mankhwala, aupaka zodzola kuti uoneke ngati munthu wagona tulo.

Kwathu kuno sizitero. Uthenga ukafika kwa amfumu, makasu amagona. Masamba aikidwa pamsewu, wanjinga atsika. Amayi asonkha ufa ndi nkhuni, amuna agona panja pamoto ngakhale m'chisanu cha Juni cha kuno ku Angonia, akwaya ndi a m'mphakati achezera kuimba pasiwa. Adzukulu alawirira kumanda osalipidwa, podziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Akuluakulu akudziwa kuwawa kwake mwambowu ukasoweka. Pa nkhondo yomwe inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okotobala 1992, anthu ambiri a dera lino anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ena anaikidwa kumeneko, kutali ndi manda a makolo, ndipo ena anatsala m'tchire popanda wowalira.

Komabe tisanamizane, ndalama inalowa kale pamaliro athu. Mphasa inasiyira malo bokosi la kwa kalipentala. Wofera kuchipatala ku Ulongwe kapena ku Tete afunika galimoto. Mwana wofera ku Joni ndiye mutu waukulu: makalata a pachipata, mankhwala oumitsa thupi ndi ulendo wa masiku, zonsezi zili m'manja mwa makampani a maliro. Mabanja ena agulitsa ng'ombe kapena mbatata ya kachewere yomwe akanadya chaka chonse, kuti anthu asanene kuti anamuika ngati nkhuku.

Apa ndi pomwe sewero lija litithandiza. Silinena kuti ogwira ntchito ya maliro ndi oipa. A Fisher amalandira ndalama, komanso amakhala pansi kumvera wamasiye yemwe alibe woti amulirire. Choopsa ndi pamene ofedwa auzidwa kuti chikondi chawo chiyezedwa ndi mtengo wa bokosi.

Kampani ingathe kubweretsa mtembo kuchokera ku Joni, ndipo tiithokoze. Koma singagone pasiwa, singatunge madzi, singabwere patapita mwezi kudzaona ngati ana amasiye adya. Zimenezo ndi za inu ndi ine, awerengi. Tikazileka, tidzazigula, ndipo wosauka adzaikidwa ndi yani?