Masipika ya Batate Yaoneka Monga Yachoka ku Nkondo? Osatamangila Sandipepa

Mu nyumba zambili mu komboni muli masipika yabili yakulu yamene yanaleka kuimba kudala. Imozi banaikapo maluba ya pulasitiki, inangu yasanduka mupando wa bana. Pamwamba pali vizindikilo va makapu ya tiyi, pansi yanavimba na manzi yokolopela. Mwina imwe mwaganiza kale kuti muyataye, mugule ka Bluetooth kowala monga disco. Yembekezani pang'ono. Nyamulani imozi. Ngati yalema, ndipo kumbuyo kwalembewa Pioneer, Kenwood, Technics olo Wharfedale, mwagwila chintu chamene chingagwedeze mawindo ngati mwachisamala.

Koma njila yoyaonongela ni yapafupi maningi, ndipo ine nayiziba bwino. Ninatenga masipika ya batate, nabweleka makina ya sandipepa kwa munzanga, ati niyapange ya nyowani pa Sunday imozi chabe. Mu mamineti yang'ono, pa kona panaonekela chigamba cha bulauni monga bisiketi. Chija chamene nenze kuona monga pulanga yolimba chenze chikumba chabe. Mudala sanakambe kantu. Anangoyangana sipika, anayangana ine, anayenda panja. Mpaka lelo ija kona tinayipindamulila ku chipupa.

So, chintu choyamba ni kuziba chikumba cha bokosi yanu. Masipika yambili ya mu nyumba yanapangiwa na chipboard olo MDF, mapulanga yopelewa yogwilizana na guluu. Kunja banamatako veneer olo vinyl. Veneer ni pulanga yeniyeni, koma yopyapyala, kambili sifika na millimetre imozi. Vinyl ni pulasitiki yojambulapo mizele ya pulanga. Yanganani pa kona ya kumbuyo pamene payamba kumatuka. Ngati kachidunswa kachoka monga kazibenga ka pulanga, ni veneer. Ngati mwapyesako na hair dryer kayamba kufewa na kutanuka, ni vinyl, ndipo vanishi olo mufake makoti yangati sizagwila ntchito pamenepo.

Mukalibe kugwila chilichonse, chosani woofer na tweeter. Jambulani mawaya na foni kuti muzibe ya + na ya -. Screwdriver muigwile na manja yabili, chifukwa ikatelela chabe yaboola pepa ya woofer, ndipo ija ndiye ndalama yeniyeni. Mukati musadabwe kupeza mpemvu olo chisa cha koswe. Pyangani, koma tonje yamene ili mukati si doti, banaifaka dala kuti sound isazibwelela mu bokosi.

Ngati ni veneer, muli na mwayi. Pukutani na nsalu yonyowa pang'ono, musiye iyume. Pamene yamatuka, loweselani wood glue, mukanikize na chintu cholema usiku onse. Sandipepa ikale ya 220, ya pa manja, yokulungila pa kapulanga, ndipo muzikonka mizele ya pulanga, osati kupingasa. Pa makona pitani kamozi olo kabili chabe, ndiye pamene pabooka musanga. Vanishi fakani yopyapyala, makoti yabili olo yatatu, iliyonse iyambe yayuma. Koti imozi yonenepa imadonta monga porridge, ndipo dusti ya mu Lusaka imakondwela kukala pamenepo.

Ngati ni vinyl, osavutika kuikonza. Pyesani na hair dryer, musupule yonse, muchose guluu yosalila. Apa manje musanke: vinyl ya nyowani, monga yamene basebenzesa bolemba ma sign, olo penti. Ine nikonda penti yakuda yosawala. Koma MDF imamwa penti monga chakolwa wa pa Friday, makamaka mu mbali mwamene banajuba, so yambani na primer. Dusti yake ni yoipa ku chifuba, valani mask musebenzele panja. Thinners na mbaula visakumane.

Vuto ikulu ni pansi povimba. Ba ku Kanyama na Chawama muziba vamene mainza imachita ku katundu ya pansi. Chipboard ikamwa manzi sibwelela yeka. Iyumikeni masiku yangapo mu mtunzi, mupale vonse vofumbutuka, mupake wood glue kuti palimbe, elo mufake body filler ija ya ba panel beater, musalalise. Ngati pansi ponse pafumbutuka ku chala, pelekani kuli ba kalipentala, monga baja ba mu Kalingalinga mumbali mwa Alick Nkhata Road, bajube pulanga inangu. Koma mubauze kuti, "Ba boss, saizi ikale yamene iyi." Bokosi si chovala chabe cha sipika. Kukula kwa mukati banakupima kulingana na woofer, ndipo mukachinja, sound nayo yachinja.

Ndiye chifukwa chake ming'alu nayo ifunika kuvala. Mpepo ikamachokela mu majoini, bass ya kalindula imamveka monga muntu amenya chigubu chobooka. Pakani guluu mukati mwa majoini yonse. Chibowo chozungulila chamene banapanga ku fakitale, chija chili na paipi, chisiyeni. Chili na ntchito yake. Ma screw ngati yazunguluka chabe osagwila, fakani tumitengo twa machisa na guluu mu mabowo, mailo muzamanga bwino.

Nsalu ya kusogolo ndiye pamene bambili bamagwela mu style. Chitenge chioneka bwino pa Facebook, zoona, koma ngati ni chokakala chimadya tumau tung'ono twa tweeter. Ikani nsalu pakamwa mupepe. Ngati mpepo siifika ku kwanja kosavuta, sakilani inangu.

Mukabweza vonse, yesani na nyimbo yamene muziba bwino. Ngati bass yasoba pakati pa masipika yabili, musatukwane woofer, mwina mwapindamula + na - pa sipika imozi. Pomaliza mangani tumendo twa rabala pansi, tunayi pa bokosi, kuti bokolopa bazipita na manzi yao pansi pake.